Akavalo Osaponda Fumbi

M'masewera a pa intaneti otchedwa Howrse, m'mene anthu a m'maiko ambiri amaweta akavalo opanda mnofu ndi magazi, kuwakweretsa ndi kuwapikisanitsa, muli lamulo lina limene lakhala likundizunguza mutu kwa nthawi yaitali, ndipo lamulolo ndi ili: kavalo amene mwini wake wamuleka, osamudyetsa, osamumwetsa, osamugoneka, sakalamba, saonda, ndiponso safa, koma amangoima m'khola mwake pa msinkhu womwewo umene anamusiyira, ngakhale dzinja libwere ndi kupita kangati, pamene kavalo amene mwini wake amamulawirira m'mamawa, namupatsa udzu ndi madzi, namupesa ubweya, namugoneka dzuwa la m'masewera likalowa, ameneyo ndiye amakalamba, pakuti usiku uliwonse umene wagonekedwa amadzuka atawonjezera miyezi iwiri pa zaka zake, ndipo akapyola zaka 25 imfa imayamba kumuzungulira. Amene anakonza masewerawa, kampani ya ku Paris yotchedwa Owlient, imene inawatulutsa m'Chifalansa mu 2005 pa dzina la Equideow isanagulidwe ndi Ubisoft mu 2011, ndikhulupirira anachita zimenezi mwa chifundo, kuti mwana amene wadwala kapena wapita ku sukulu yogonera konko asadzapeze mitembo m'khola pobwerera. Dziko linali litaona kale za Tamagotchi, kachidole ka ku Japan ka mu 1996, kamene kanyama kake kankafa mwini wake akakaiwala, kufikira ana ankakadyetsa mobisa aphunzitsi ali pa bolodi, ndipo masukulu ambiri anakaletsa. Chifundo chimenechi ndichimvetsa, ndipo sindichitsutsa. Komatu chinabala dziko lotembenuzika, m'mene kutaya chiweto kumachisunga ndipo kuchisamala ndiko kumachiyendetsa njira ya kumanda; ndipo munthu wolowa m'dziko lotere tsiku ndi tsiku ayenera kudzifunsa chimene mtima wake ukutolamo.

Ine ndinalowamo chogwidwa dzanja ndi mdzukulu wanga wamkazi, amene anabadwira ndi kukulira ku Leeds, m'dziko la England, ndipo pa nthawiyo anali wa msinkhu umene asungwana ambiri akumeneko amalota akavalo usana ndi usiku. Pa foni tinkasowa chokambirana, iye ndi ine, tikatha moni ndi za sukulu. Chichewa chake chinali cha apo ndi apo, ndipo za kumudzi zimene ndinkamusimbira zinali kwa iye zakutali ndithu. Chotero tsiku lina anati, "Agogo, ndikutsegulireni khola lanu, tiziweta limodzi." Ndinavomera chifukwa cha mwanayo, osati chifukwa cha akavalo. Pajatu ife a kuno kavalo sitinakule naye: kashembe ndi nthenda ya akavalo zinamukaniza malo ambiri m'dziko lathu, kotero kuti ambiri a ife tinayamba kumudziwira m'Buku Lopatulika, m'nkhani ya magaleta a Farao ndi m'mafunso amene Mulungu anapanikiza nawo Yobu, tisanamuone ndi maso athu. Kavalo wanga woyamba anali wamkazi, wofiirira, ndipo ndinamutcha Kamphepo. Madzulo a tsiku loyambalo mdzukulu anandilangiza mwaulemu koma molimba, monga achitira mwana amene kwa nthawi yoyamba akudziwa chinthu chimene wamkulu sachidziwa: "Agogo, musaiwale kumugoneka. Mukapanda kutero, mawa mudzamupeza ali chimodzimodzi, sakula."

Sindifuna kuchepetsa chimwemwe chimene ndinapeza m'ntchito imeneyi, pakuti chinali chenicheni. M'mawa, madzi a tiyi asanawire, ndinkatsegula kompyuta ndi kupeza Kamphepo atadzuka, mphamvu zake zitabwerera. Ndinkamuyezera chakudya chake, pakuti masewerawa salola kungothira mwachisawawa, kavalo akadya moperewera amaonda ndipo akadya mopyola amanenepa. Ndinkamumwetsa, kumusisita, kumupatsa karoti, kenaka kutuluka naye ulendo wa kunkhalango kapena wa kumapiri, ndikuyang'anira kuti ndisamutopetse kufikira mphamvu zitatheratu. Maluso amene kavalo amaphunzitsidwa ndi asanu ndi limodzi: kupirira, liwiro, kuyenda mwaluso momvera wokwera, kuthamanga kwa mtondo wadooka, kuthamanga kwa ndawala, ndi kudumpha, ndipo luso lililonse lili ndi kamzere kake kamene kamatalika pang'onopang'ono, mwina kachidutswa kosaoneka n'komwe pa tsiku. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo indetu pamafunika kudekha kuti munthu akondwere ndi kamzere kotalika ngati ulusi. Ndinaona kuti m'mawa wanga, umene chipumire ntchito unali wopanda chondidzutsa, unapeza chiyambi chake; ndipo Loweruka lililonse tinali ndi nkhani, ine ndi mdzukulu, yoti n'kutha nayo ola lathunthu, iye akusakaniza zilankhulo ziwiri, ine ndikumuwongola apa ndi apo, osazindikira iye kuti pofotokoza za akavalo akuphunzira kunena "bere", "kuswa" ndi "kuyamwitsa" m'chinenero cha amayi ake.

Manambala anabwera pambuyo, ndipo atabwera anaphimba zonse. Kavalo aliyense m'masewerawa amabadwa ndi chiwerengero chimene oweta amachitcha GP, ndiko kunena malire a mphamvu zimene wabadwa nazo, amene sangawapyole ngakhale aphunzitsidwe chotani. Ndipo palinso chiwerengero china, BLUP, chimene chimayambira pa 100 ya pansi pa ziro kavalo akangobadwa ndi kukwera kufikira 100 ya pamwamba, chosonyeza kuti kavaloyo wakhwima chotani kuti apatsire ana ake zabwino zake. Kavalo amatha kubereka akafika zaka ziwiri ndi theka, koma woweta wanzeru sathamangira; amadikira kuti kavaloyo afike zaka 10, atsirize maluso ake atatu aakulu, ndiponso apambane mipikisano 20, pakuti pamenepo BLUP imadzaza, ndipo mwana wobadwa kwa makolo awiri otere amapyola onse awiri. Pali oweta, makamaka amene amagwira ntchito m'magulu, amene sadikira masiku 60 kuti zaka khumizo zikwane. Amagwiritsa ntchito mapointi okalambitsa, natenga kavalo kuchokera pa kubadwa kufikira pa ukulu usiku umodzi, namukweretsa, natenga mwanayo ndi kuyambiranso, mbadwo pamwamba pa mbadwo, kotero kuti kavalo amene lero ali pamwamba pa mndandanda wa mtundu wake, mwezi wamawa palibe womufunsa. Tsiku limene Kamphepo anaswa mwana wake woyamba wabwino, mdzukulu anayang'ana manambala a mwanayo, nawayerekeza ndi a make, nati mosazengereza, "Agogo, mayiyu ntchito yake yatha. Mugulitseni, kapena mumupereke ku Safe Haven, kosiyako akavalo osafunikanso, muyambe ndi mwanayu." Sananene mwankhanza, anali mwana wa mtima wofewa, amene ankalira akaona galu wotsimphina pamsewu. Ananena monga munthu wodziwa masamu ake. Ndinamuyankha ndi mwambi wa makolo, kuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndipo anaseka, nati, "Koma agogo, uyu si mayi weniweni."

Ananena zoona, ndipo choonadi chimenecho ndachitembenuza m'mutima mwanga kambirimbiri osachipezera pochikhazika. Kamphepo ndi mzere wa manambala wosungidwa m'makina a m'dziko lina. Samva njala, samva kusisitidwa, sadziwa kuti anaswa. Kumugulitsa sikumupweteka. Koma palinso mwambo wina wa oweta umene unandionetsa kuti nkhani siili pa kavalo, ili pa diso la woweta. Mpikisano m'masewerawa suyamba kufikira malo onse a opikisana atadzaza. Chotero munthu amene akufuna kuti kavalo wake apeze msanga zipambano makumi awiri zija amasunga akavalo ena ofooka, amene amawatcha ma filler, ndipo ntchito yawo ndi imodzi yokha: kulowa mu mpikisano kuti agonje. Amadyetsedwa kuti akhale ndi mphamvu zolowera, amagonekedwa kuti mawa adzalowenso, ndipo ambiri sapatsidwa dzina, amangolembedwa chilembo kapena nambala. Anzako a m'gulu amakubwereka awo, nawenso umawabwereka ako. Palibe chinyengo pamenepa monga mwa malamulo a masewera, ndipo pali ubale ndi kuthandizana kumene ndinakuyamikira pakati pa anthu osadziwana nkhope. Komabe ndikatsegula khola la woweta wamkulu ndi kuona mizere ya akavalo opanda maina, obadwira kugonja kuti mmodzi akwezeke, mtima wanga umandiuza kuti kaganizidwe kameneka sindikukaona koyamba, ndipo kumene ndinakaona sikunali m'masewera.

Pakuti chiwerengero cha BLUP sichinapekedwe kuti ana asewere nacho. Ndi njira yeniyeni ya masamu imene Charles Henderson, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Cornell ku America, anayamba kuikonza cha m'ma 1950, kuti alimi athe kudziwa nkhunzi imene ana ake aakazi adzapereke mkaka wambiri, polekanitsa zimene ng'ombe yatengera ku mtundu ndi zimene yapeza chifukwa cha msipu wabwino kapena khola labwino. Ndipo njirayi yadyetsa anthu ochuluka, pakuti ng'ombe yamkaka ya masiku ano ya ku Ulaya kapena ku America imapereka mkaka umene agogo ake sakanaulota. Ndisanene ngati kuti kusankha mbewu ya ziweto ndi tchimo. Yakobo yemwe, poweta zoweta za Labani, ankaika timitengo take tosendasenda pa zomwera pamene zamphamvu zikukwerana, nasiya zofooka zikhale za mpongozi wake. Ndipo Angelezi, atatenga akavalo atatu amphongo a kum'mawa, Byerley Turk, Darley Arabian amene anagulidwa ku Aleppo mu 1704, ndi Godolphin Arabian, anayamba mu 1791 kulemba m'buku lotchedwa General Stud Book mbumba yonse ya akavalo a mjaha, uyu anabala uyu, uyu anabala uyu, mwa ndondomeko yonga ya mibadwo ya m'Malemba, kotero kuti kavalo wa mtundu wa Thoroughbred aliyense wothamanga lero, ukamulondola kuchimuna, umakafika kwa mmodzi wa atatuwa, ndipo ochuluka koposa amakafika kwa Darley Arabian kudzera mwa Eclipse, wobadwa mu 1764, amene sanagonjepo mu mpikisano. Masewera a mdzukulu wanga anangotenga nzeru yakale imeneyi, naichotsera thukuta, ndowe ndi zaka zodikira, naisiya yokhayokha, yoyera mbee, kuti mwana wa zaka khumi aione m'mene ilili.

Ndipo ikaima yokha chotero, munthu amaona kumene imaloza. Mu 2008, pa mpikisano wa Kentucky Derby, kavalo wamkazi wotchedwa Eight Belles anathamanga pakati pa amphongo natenga malo achiwiri, ndipo atangodutsa pa mzere womalizira miyendo yake yonse iwiri yakutsogolo inathyoka m'akakolo, naphedwa pomwepo pabwalo anthu zikwizikwi akuona; mtsutso waukulu unabuka pambuyo pake, ena akuti kusankha liwiro mbadwo ndi mbadwo kwapepuza mafupa a akavalo, ena akukana; koma ine pomva za iye ndinakumbukira kuti ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Ferdinand, amene anapambana mpikisano womwewo mu 1986 ndipo dzina lake linali pakamwa pa aliyense, anagulitsidwa ku Japan kuti akakhale kholo, ndipo ana ake atapanda kuthamanga monga anthu ankayembekezera, mbiri inamveka mu 2003 kuti moyo wake unathera kophera nyama. Awa anali akavalo a mnofu, amene ankamva ululu ndi mantha. Palibe mwana wosewera pa kompyuta amene ali ndi mlandu wa magazi awo. Komatu mawu amene anatsekera Ferdinand chitseko ndi omwe aja amene mdzukulu wanga, mosalakwa konse, ananena za Kamphepo, akuti ntchito yake yatha.

Pamenepa ndiyenera kudziletsa, pakuti n'kosavuta kwa nkhalamba kunena kuti kwathu kale zinthu sizinali chotero. Amalume anga, amene anali ndi khola la ng'ombe kumudzi kwathu cha ku Mchinji, nawonso ankasankha. Mwa mathole amphongo ankasiya limodzi lokha likhale nkhunzi, enawo ankawathena kuti azikoka ngolo; msoti wosagwira bere sunkaona mvula zambiri; ndipo fizi ya sukulu ikafunika, ankalowa m'khola ndi chingwe osagwetsa msozi. Woweta amene sasankha khola lake limatha. Komabe ndikukumbukira ng'ombe ina yaikazi yokalamba, ya nyanga imodzi yopindikira pansi, imene inali italeka kuswa ndipo mano ake anali ataperepeseka, imene ogula nyama ankaifunsa nthawi iliyonse akabwera pa njinga zawo, ndipo amalume ankangoyankha kuti, "Iyo ayi, khola lonseli latuluka m'mimba mwake." Anaisunga kufikira nthawi yomanga chiliza cha agogo aakazi, ndipo m'mawa umene inaphedwa anaimirira pambali pake nanena maina a ana ake onse, amene anagulitsidwa ndi amene anatsala, asanapereke chilolezo kwa anyamata. Mudzi wonse unadya, ndipo aliyense ankadziwa ng'ombe imene akudya. Kusiyana kwake sikunali kwakuti amalume anali achifundo kuposa oweta a pa intaneti. Kunali kwakuti kusankha kwawo kunali ndi mtengo umene iwo eni ankaulipira, pakuti anaiweta ng'ombeyo m'mvula ndi m'chilimwe, anaichotsa nkhupakupa ndi zala zawo, ndipo sakanatha kuitaya osamva kulemera kwake. M'masewera kutaya n'kudina kamodzi, ndipo khola limayera nthawi yomweyo.

Mdzukulu wanga analeka kusewera. Sipanakhale mkangano kapena kutsanzika. Anakula, mayeso anachuluka, anapeza anzake ndi zokonda zina, monga kuyenera, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kwa nthawi ndithu ndinkatsegula tsamba lake ndi kuona akavalo ake ali chiimire, aja amene ankawanyadira chifukwa cha manambala awo, aliyense pa msinkhu umene anali nawo tsiku limene anawagoneka komaliza, mwana wina wa miyezi yochepa akadali wa miyezi yochepa, wamkazi wina akadali ndi bere limene silidzaswedwa. Manambala awo, amene pa nthawi yake anali a pamwamba, anali atapitiriridwa kutali ndi mibadwo ya oweta ena. Pamenepo ndi pamene lamulo lija linandilowa mpaka m'mafupa, ndipo ndinaliona mwa mtundu wina: akavalo a mdzukulu anali aang'ono chifukwa anasiyidwa, ndipo Kamphepo anali wokalamba chifukwa sanasiyidwe. Zaka zake, zimene pa msika wa masewera zimamutsitsa mtengo, ndi kaundula wa m'mawa uliwonse umene ndinadzuka ndi kumukumbukira, ndiponso wa Loweruka lililonse limene mwana wa mwana wanga, ali kutsidya kwa nyanja, anandiitana kuti agogo nandifunsa ngati ndamugoneka. Mwa zonse za m'masewerawa, ndalama zake zotchedwa Equus, zikho zake, mindandanda yake, chinthu chimodzi chokha chimene sichili chongopeka ndi nthawi imene munthu wathiramo, pakuti imeneyo inachotsedwa pa masiku ake owerengeka a pansi pano. Ndipo chodabwitsa n'chakuti chiwerengero chokhacho chimene chimasunga nthawi imeneyi, ndicho msinkhu wa kavalo, n'chimene oweta amachiyesa chilema akangotha kumukweretsa.

Muli m'masewerawa mwala wotchedwa Philosopher's Stone, umene ukaupereka kwa kavalo sadzafanso. Umapezeka ndi ziphaso zimene munthu angazipeze posewera kapena kuzigula ndi ndalama zenizeni, ndipo ambiri amaupereka kwa kavalo wawo woyamba, chizindikiro chakuti si ine ndekha amene ndili ndi Kamphepo wanga. Zimenezi zimanditonthoza, pakuti zisonyeza kuti ngakhale m'khola la woweta wa manambala muli kavalo mmodzi wopanda phindu amene sagulitsidwa pa mtengo uliwonse. Ine mwalawo sindinaufune. Ndinalingalira kuti kavalo wosafa sasiyana kwenikweni ndi kavalo wosiyidwa, popeza onse awiri achotsedwa m'manja mwa nthawi. Ndipo ngati pali phunziro loona limene masewerawa angapatse mwana, kapena nkhalamba, ndi lakuti chimene umachisamala chimakalamba pamaso pako, ndipo kuchisamala kwako sikuletsa zimenezo. Ena adzati kuli bwino chisamaliro chonsechi chikanapita kwa mbuzi yeniyeni, kapena kwa mnansi wodwala, ndipo mawu amenewa ndimawalemekeza. Koma mtima wa munthu suli ngati nkhokwe yoti ukatapa pano pamachepa apo, ndipo ndaona mwa ine mwini kuti amene wazolowera kudzukira chinthu m'mawa savutika kudzukira china. Choopsa sindicho chakuti mwana adzakonda kavalo wosakhalapo. Choopsa n'chakuti adzazolowera, mwakachetechete, m'zaka zimene mtima ukadali wofewa, kuyang'ana chamoyo chilichonse ndi kufunsa choyamba kuti chidzabala chiyani choposa icho, ndipo tsiku lina adzakhala mkulu wa ntchito, kapena mphunzitsi woyang'ana mndandanda wa mayeso, kapena mwana wa kholo lokalamba.

Chifukwa chake ndikupemphani, inu makolo ndi agogo anzanga amene ana anu ali ndi makola awo m'mafoni ndi m'makompyuta, musawalande zipangizozo musanakhale nawo pansi, ndiponso musawasiye okha poyesa kuti ndi zachibwana. Apempheni akuonetseni khola. Adzakondwa, ndipo adzayamba ndi kavalo wa manambala aakulu. Muyamikireni, pakuti pafunika luntha ndi kupirira kuti mwana afike pamenepo. Kenaka mufunse za make wa kavaloyo, dzina lake ndani ndipo ali kuti tsopano, ndi za aja olowa mu mpikisano kuti agonje, ngati ali ndi maina. Ndipo ngati kumudzi kukadali khola la mbuzi kapena la ng'ombe, mupite nawo anawo pa tchuthi chikubwerachi, muwadzutse m'mamawa, akatsekule okha.